Nyenyezi Zaminga pa Matanthwe a Shiuna

Shiuna, mwana wa mchimwene wanga, ndi munthu woti akhoza kukulalatira chifukwa cha mwala. Sindikunama ayi. Ndinamuona ndi maso angawa ataima padoko, zovala zikuchucha madzi, akukalipira a Jaufaru, eni boti lophera nsomba za tuna, bambo a imvi zawo, chifukwa choti anaponya nangula pa makorali, matanthwe amoyo a pansi pa nyanja, kuseri kwa chilumba chathu. Sanalekere pomwepo, anakawanenezanso ku khonsolo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa akakumana panjira, aliyense ankapeza mtengo wa kokonati woti aziuyang'ana.

Ine ndine Sobira, ndipo ndimaphika panyumba ya alendo imene Shiuna amayendetsa ndi mwamuna wake Iyazi. Alendo athu ndi aja amadutsa mayiko kudzalowa pansi pa nyanja ya Maldives ndi masilinda a mpweya kumsana, n'kumabwerako akusimba za nsomba zimene ife timangozidziwa zili m'mbale. Wowatsogolera kumeneko ndi Shiuna. Ine madzi amene ndimawadziwa ndi a mumphika basi. Ndakalambira pachilumba pano koma nkhope yanga sinalowepo m'nyanja, ndipo sindikufuna n'komwe.

Koma za matanthwe amenewo ndimazidziwa, chifukwa aliyense wokhala pafupi ndi Shiuna amazidziwa, afune asafune. Chaka china nyanja inatentha, makorali a zilumba zoyandikana nafe anayera n'kufa, koma athuwa anapulumuka chifukwa pamadutsa madzi ozizira ochokera kumpata wa pakati pa zilumba. Shiuna ankawasamala ngati dimba. Nthambi ikathyoka ankaitola n'kukaimangirira pa chitsulo kuti iphukenso. Mlendo akangogunda korali ndi phazi, kaya ndi bwana wamkulu kwawoko, ankadya chakudya chamasana ali chete ngati mwana wolakwa. Anthu anayamba kutchula malowo kuti matanthwe a Shiuna, ena monyoza, ena ayi.

Ndiye mwezi wina anangosiya kulowa m'madzi. Anati khutu likumupweteka, alendo aziwatenga Iyazi. Khutu! Khutu lanji lothawitsa munthu kukhitchini ndikangoyamba kuwiritsa msuzi wa nsomba? Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumbali, nkhani n'kuthera pomwepo. Mimba ziwiri zinali zitamuchokera kale, ndipo yachiwiriyo nsalu zake ndinachapa ndine. Kwathu kuno mimba sailengeza, imadzilengeza yokha ikakula. Ukafulumira kukamwa umaitana maso a anthu, ndipo maso ena si abwino. Lamulo la ntchito yake nalo ankalidziwa kuposa aliyense, poti ndi iye amene amauza alendo: mayi woyembekezera satsika pansi pa nyanja, mpweya wa kumeneko umawononga mwana.

Tsoka linabwera ndi kamera ya mlendo. Tikudya masana, mayi wina wa ku Italy anaonetsa Shiuna chithunzi, nkhope ili yowala ndi chimwemwe, akuti waona duwa lokongola. Nanenso ndinasuzumira. Chinali chinthu chofiirira, chachikulu ngati mbale ya mpunga, miyendo yambirimbiri, thupi lonse minga yokhayokha. Chinakhala pa korali, ndipo pamene chinadutsa panali poyera ngati fupa.

Shiuna anaika supuni pansi. "Iyazi, mwaziona zingati?"

Iyazi ndi munthu wofatsa, wosatha kunama. "Sabata yatha zinalipo zochepa. Sindinafune kukudandaulitsa."

"Nanga lero?"

"Lero ndinasiya kuwerenga."

Nyenyezi zaminga zimenezi ife timazitcha kashibowa. Imodzi kapena ziwiri sizivuta, zimakhalapo nthawi zonse. Koma zikabwera mwaunyinji zimadya makorali ngati chiswe pa mtanda wa denga, n'kusiya miyala yakufa. Mankhwala ake ndi a kukhitchini: viniga. Ukaibaya jakisoni wa viniga patsinde pa mwendo, mawa lake yafa, nsomba n'kuimaliza. Vuto ndi lakuti umabaya imodziimodzi, ndi dzanja lako, uli pansi pomwepo.

Alendo athu anathandiza Iyazi masiku amene anawatsalira, ndipo ndiwayamike, mayi wa duwa uja ankabaya mokwiya kuposa onse. Koma ndege sidikira munthu. Ananyamuka, ndipo poti nyengo ya mphepo inali itayamba, ena sankayembekezeka. Pachilumba pano anthu ena odziwa masilinda ndi anyamata a m'boti la a Jaufaru, amene amatsika nawo kukakusa tinsomba ta nyambo. Iyazi anapita kukawapempha, n'kubwerako mutu uli pansi.

"Ati chiyani?" anafunsa Shiuna.

"Ati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ati matanthwe ali ndi mwini wake, ndipo ngati njira ya ku khonsolo amaidziwa, ya padoko angaisoche bwanji?"

Iyazi anapitiriza yekha, m'mawa ndi masana, mpaka tsiku lina anabwera dzanja litatupa ngati buledi. Minga inamulasa, ndipo pofika madzulo anali akunjenjemera ndi kutentha thupi. Mawa lake sanathe kudzuka pabedi.

M'mawa umenewo ndikupita kukatenga anyezi, ndinamva chitsulo chikulira m'chipinda chosungiramo zida. Nditasuzumira ndinapeza Shiuna atavala kale chovala chakuda chija cha m'madzi, akumangirira malamba pa silinda.

"Ulendo wakuti uwu?"

"Sinditsika kwambiri, azakhali. Pafupi pomwepa. Kamphindi chabe."

"Kamphindi chabe! Si iwe unabweza mtsikana wa ku Japan uja akulira, nayenso akuti kamphindi chabe?"

"Zikudya nthambi zimene ndinamanga ndi manja angawa! Zaka zonsezi, azakhali! Ine ndizingokhala pakhonde n'kumamwa tiyi?"

Kutsutsana ndi Shiuna ndi kutaya malovu, koma thupi Mulungu anandipatsa lokwanira. Ndinagoneka silindayo pansi n'kuikhalira. "Inyamule," ndinatero. "Unyamule ndi ine yemwe."

Anakoka lamba kamodzi, kawiri, ine osasuntha. Kenako anangodzigwetsa pansi n'kuyamba kulira, kulira kumene sindinakumve ngakhale pa mimba ziwiri zija. Mtima unandipweteka zedi, koma sindinadzuke. Ndinamusisita kumsana ndili chikhalire.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sankha limodzi."

Anapukuta mamina ndi mkono. "Ayi. Sindisankha." Anavula chovala chija, n'kuvala diresi ndi mpango wake. "Tiyeni padoko."

Tsiku limenelo maboti sanatuluke chifukwa cha mphepo, ndiye amuna onse anali pachisakasa cha padoko, ena akutafuna masamba a tambula, ena akumenya makadi. A Jaufaru anali pakati, mwendo pamwamba pa unzake. Atationa anaomba m'manja.

"Ee, taonani, boma latiyendera! Anyamata, bisani anangula!"

Chisakasa chonse chinafa ndi phwete. Shiuna anadikira kuti amalize, n'kupereka salamu mwaulemu. Anafotokoza za kashibowa, za dzanja la Iyazi, ndiponso kuti tinsomba ta nyambo timakhala m'makorali omwewo, akatha nato titha.

"Zimenezo tikuzidziwa," anatero a Jaufaru. "Nyanjayi tinaiyamba iwe usanabadwe. Funso langa ndi limodzi lokha. Iwe umatsika kuposa mwamuna aliyense ali pano, zimenezo sindikana. Nanga bwanji sukutsika wekha? Ukufuna ana a eni akalasidwe minga, iwe uli pamthunzi ndi kakhutu kako?"

Ndinamutsina pankono. "Usayerekeze," ndinanong'ona. "Tiye tizipita."

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Khutu langa lili bwinobwino, bambo. Ndili ndi pakati. Mimba ziwiri zinachoka, nonse mukudziwa ngakhale simunena. Iyi ndikatsika nayo ichokanso. M'mawa uno ndinavala zida kuti nditsike, azakhaliwa ndi amene anakhalira silinda yanga. Ndiye ndabwera kwa inu. Za ku khonsolo sindipepesa, poti nangula uja munalakwitsa ndithu. Koma ndikukupemphani."

Makadi anaima m'manja, amuna akuluakulu akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Mayi kunena za mimba yosaoneka, pamaso pa amuna, padoko! Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu, mantha nawo, poti ndinadziwa kuti iyi ikachoka adzalira chilumba chonse chikumuonerera. Koma pansi pa manyaziwo ndinamva kunyada kumene sindinakumvepo ngakhale pa ana obala ndekha.

A Jaufaru analavula tambula wawo kumbali. Anayang'ana ine, poti ine ndi iwo tinakulira limodzi.

"Iwe Sobira, mwanayu munamulera ndi tsabola?"

"Magazi ake ndi anga omwewa, amene unawathawa uli mnyamata," ndinayankha.

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. A Jaufaru anatsitsa mwendo, n'kuimirira, n'kumanga bwino nsalu yawo m'chiuno.

"Mwana wa munthu wanena chosanenedwa, inu mukungondiyang'ana? Kadzazeni masilinda! Ndipo amene akatulutse mawu oipa pa nkhani imeneyi, boti langa asalipondenso."

Mawu oipa sanatuluke, koma nkhaniyo inafika kumapeto kwa chilumba ife tisanafike kunyumba. Ndipo inatithandiza, chifukwa viniga wa m'masitolo athu awiri anatha tsiku loyamba lomwe, boti la katundu lochokera ku Male, likulu la dziko lathu, osabwera chifukwa cha mafunde. Ndinatenga ndowa n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Paliponse ankayamba ndi kundikalipira.

"Sobira, n'zoona wanena pamaso pa amuna? Iwe unali kuti, pakamwa unasiya kunyumba?"

"Ndinali pomwepo. Kamuletseni inu, tione."

Akatha kupukusa mutu ankalowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo. Mayi wina wokalamba, a Saudiya, anakhuthula viniga wa m'mtsuko wa mango amene anaviika kudikira Idi, akuti mango amabala chaka chilichonse. A Haruni, okwera mitengo ya kokonati kukatunga madzi otsekemera, anatulutsa mitsuko ya viniga wawo wakale, wowawa woti ukanunkhiza misozi imatuluka. Ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ankawonjezera kanthu kena kopita kwa Shiuna: uyu dzira, uyu nthochi, uyu pemphero. Palibe anatchula mimba, ankangoti "mukampatse mwana uja."

Ntchito inayamba ndi mkangano, monga mwa masiku onse. Anyamata anabwera ndi zikwanje, akuti jakisoni ndi wa anamwino, iwo azingoziduladula ngati mmene amachitira ndi nyambo. Shiuna anawalanda zikwanje zonse n'kuziika pansi pa mpando wake. Anawauza kuti kashibowa ukaidula sunaiphe, chidutswa chikhoza kumeranso miyendo, ndiye ukhala ukuiweta. Anatenga chikho cha kokonati n'kuwaphunzitsa pobaya, mmodzimmodzi, amuna a ndevu zawo atafola ngati ana a sukulu.

Ine ndinkakwera nawo boti ndi mphika wa mpunga ndi nsomba, komanso kuti diso langa lisachoke pa Shiuna. Kuseri kwa chilumba mphepo siifika kwambiri, ndiye madzi akadekha iye ankagona pamwamba pa nyanja ndi chigalasi kumaso ndi kampopi kopumira, akulozera a pansiwo pamene nyenyezi zabisala. Ankaona manja a anthu ena akugwira ntchito yake, pa malo amene sankalola ngakhale Iyazi kukhudza, ndipo ndinkadziwa kuti zikumuwawa. Nthawi ikakwana ankakwera m'boti, n'kutenga chipande changa chachitsulo, n'kumenya makwerero kuti onse amve pansipo ndi kuyamba kukwera.

Apa ndi pamene ndinamuona Shiuna amene sindinkamudziwa. Anyamata a nyambo amakwera kuchoka pansi ngati akuthawa moto, ndiye chifukwa chake mng'ono wa a Jaufaru amayendera ndodo lero, miyendo inafa atatuluka m'madzi mothamanga. Shiuna anawalamula kuti azikwera pang'onopang'ono, ndipo asanafike pamwamba aziima kaye atagwira chingwe mpaka amenyenso chitsulo. Tsiku lachiwiri, Nazimu, katswiri wawo amene ankabaya nyenyezi zambiri kuposa anzake onse, anangovumbuluka pamwamba osaima pachingwe, akuseka.

"Vula silinda," anatero Shiuna. "Lero ndi mawa sutsikanso."

"Aa, achemwali, ine ndazolowera!"

A Jaufaru nawo analowerera. "Iwe, manja ndi ochepa kale. Ameneyu yekha ndi anthu atatu. Ukamukhazika pansi, makorali ako a kumpotowo tiwataya."

"Ndikudziwa, bambo," anayankha Shiuna. "Koma sindigula mwala ndi miyendo ya munthu."

Ndinangogwira pakamwa. Ameneyu ndi Shiuna yemwe uja wolalatira anthu chifukwa cha mwala? A Jaufaru anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza Nazimu kumphika kuti akandithandize kupala kokonati.

Kumpoto kuja ndi kumene matanthwe amatsetserekera kozama, ndipo kashibowa zinkachokera kumeneko. Anyamata anapempha kangapo kuti atsike akazithere komweko, Iyazi atachira nayenso anapempha. Shiuna anakana onse. Anatchula malire oti asapitirire, ndipo sanawasunthe ngakhale tsiku limodzi, chikhalirecho ankadziwa bwino chimene chikudyedwa kunsi kwa malirewo. Madzulo ena ndinkamupeza atakhala kuseri kwa khitchini, dzanja pamimba, akuyang'ana kumpoto. Ndinkangomuikira tiyi pambali n'kuchoka.

Mphepo itaphwa, tuna n'kubwerera, amuna anabwerera ku usodzi wawo. Koma Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankabwera ndi masilinda, mpaka nyenyezi zinayamba kusowa, munthu n'kumatha mpweya wonse atapeza imodzi yokha. Nthawi imeneyo mimba inali itakula moti a Jaufaru anamuletsa kukwera boti. Mukanamuona akuwatukwanira chamumtima padoko! Koma anamvera.

Mwana anabadwira kuchipatala ku Male, wamkazi, wa mawu okweza ngati mayi ake. Tsiku lomupatsa dzina, anyamata a m'boti anabweretsa tuna yaikulu yoti anainyamula anthu awiri, ndipo Nazimu anauza aliyense kuti mwanayo ndi wa m'boti mwawo.

Panapita miyezi adokotala asanamulole Shiuna kutsikanso. Tsiku litafika, a Jaufaru anabwera okha ndi boti lawo, akuti lathu ndi laling'ono, likhoza kugwedeza khanda. Ine ndinati kutenga khanda panyanja ndi misala, koma ndani amandimvera? Ndinakwera nalo m'manja, nditalifunditsa nsalu. Nyanja inali bata. Shiuna anavala zida zake mwakachetechete, n'kudzigwetsa m'madzi pamodzi ndi Iyazi. Tinaona thovu lawo likulowera chakumpoto.

Sindinawaonepo a Jaufaru atasowa mtendere chotero. Anakhala pansi, anaimirira, anatafuna tambula n'kumulavula asanathe. Anandifunsa ngati mwana sakumva dzuwa, anandifunsanso kachiwiri. Anyamata awo atatu amene anabwera nawo anangoti ndwii kuyang'ana madzi.

"Akapeza tinalakwitsa, atimeza amoyo," anatero a Jaufaru.

"Ukuopa mwana wa dzulodzuloyu, bambo wamkulu iwe?"

"Iwe sumuopa?"



Kenako mitu iwiri inatulukira. Shiuna anakwera makwerero, Iyazi n'kumuthandiza kutula silinda. Anavula chigalasi n'kukhala pansi, madzi akuyenderera kumaso.

"Tayankhula, iwe," anatero a Jaufaru, mawu atasasa.

"Kumpoto kwapita konse," anatero Shiuna. "Kwatsala miyala ndi ndere basi."

A Jaufaru anayang'ana manja awo. "Tikanatsika ulendo uja, mwana wanga..."

"Mukanatsika bwenzi pano tikukankha wina panjinga ya olumala. Musatero, bambo." Anapuma kwambiri. "Koma kuno konse kuli moyo. Konse! Nthambi zija zakula mpaka zabisa zitsulo. Tinsomba tadzaza moti Iyazi sindimamuona bwino. Zikomo, bambo. Zikomo, anyamata inu."

Apo misozi inamugonjetsa, ndipo ine yanga inali itayamba kale. Anatambasula manja. "Ndipatseni mwana wanga, azakhali." Ndinamufunditsa chinsalu chachikulu, n'kumuikira khanda pachifuwa, iye akadali wonyowa ndi madzi a mchere. Mwanayo analira pang'ono chifukwa cha kuzizira, kenako anapeza bere n'kukhala chete.

Patapita kanthawi Shiuna anadzutsa mutu. "Ndaonako kashibowa ziwiri pafupi ndi mpata. Lachisanu mubwere ndi anyamata."

"Aa, mwini wake wabwerera," anatero a Jaufaru. "Ife tibwererenjinso?"

"Mwini wake ndani? Amene analasidwa minga kumeneku ndi ana anuwa. Ine ndili ndi woyamwitsa, ndizingothandizako."

A Jaufaru anatembenuka msangamsanga n'kupita kumbuyo kwa boti, n'kuyamba kukalipira injini, imene inalibe vuto lililonse. Ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, kenako anakhotetsa boti kulowera padoko.